Mphunzitsi wa sayansi ku yunivesite akamadziyeza yekha

Basi yonyamuka ku Chipata mbandakucha imadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, kutsetserekera pa mlatho wa Luangwa, n'kuyamba zitunda za ku Rufunsa mpaka Chongwe. Ikatha makilomita pafupifupi 570, isanalowe pakati pa Lusaka, imadutsa pa geti la yunivesite ya Zambia, UNZA, imene ili m'mbali mwa msewu womwewo wa Great East. Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 1966, ndipo kuyambira kale ana a kuno kum'mawa akhala akupita kumeneko kukasaka udokotala, uinjiniya, zaulimi ndi uphunzitsi. Ena amapitirira mpaka ku Kitwe, ku Copperbelt University kapena ku Mukuba, ena ku Kabwe. Pakati pawo pamakhala ana a ku Nabvutika, Mchini, Kapata ndi Magazine, ana a amayi ogulitsa tomato pa msika ndi abambo opalasa njinga zonyamula anthu.

Banja lotumiza mwana wotere limadziwa zambiri. Limadziwa mapointi amene mwana anapeza pa mayeso a giredi 12. Limadziwa mtengo wa basi, wa lendi ya ku boarding house, ndi tsiku limene ndalama za ngongole ya maphunziro zimatuluka. Limadziwanso mbuzi kapena matumba a nsawawa amene anagulitsidwa kuti mwana anyamuke. Chimene silidziwa, ndipo silinapatsidwepo njira yodziwira, ndi zomwe zimachitika mwanayo akakhala pansi m'kalasi ya kemisitiri 8 koloko m'mawa. Kodi amangokopera manotsi ola lonse? Kodi alipo amamufunsa funso loti aganize? Akalakwitsa, amadziwa liti kuti walakwitsa: sabata yomweyo, kapena pamapeto a chaka zotsatira zitapachikidwa?

Kwa zaka zambiri dongosolo la pa UNZA lakhala loti ofuna udokotala, uinjiniya, zamigodi kapena zaziweto amayamba onse pamodzi ku sukulu ya Natural Sciences. Kumeneko amaphunzira masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje, ndipo magiredi a chaka choyamba ndi amene amagamula kopita aliyense. Chaka chimodzi chimenecho chimalemera kwambiri. Mwana amene anali woyamba pa sukulu yake ku Chipata akhoza kupezeka ali m'holo ya anthu mazana, akumvetsera Chingerezi chothamanga, kutali ndi bolodi. Akalephera, kumudzi ndi ku komboni timati anatayirira, anayamba mowa, kapena mutu unamuchepera. Za kaphunzitsidwe sitifunsa kawirikawiri, chifukwa sitidziwa kuti nako kamayezedwa.

Kamayezedwa ndithu, ndipo pali umboni woti kusiyana kwa kaphunzitsidwe kumabweza ana kunyumba kapena kuwapulumutsa. Mu 2014 Scott Freeman wa ku University of Washington ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 225 wosiyanasiyana wa makalasi a sayansi, masamu ndi uinjiniya m'mayunivesite. Anayerekeza makalasi amene mphunzitsi amalankhula yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi makalasi amene ophunzira amapatsidwa chochita mkati mwa phunziro: kuyankha mafunso, kukambirana awiriawiri, kuthetsa vuto pagulu. M'makalasi ongomvetsera, ophunzira 33.8 pa 100 alionse ankalephera. M'makalasi ogwiritsa ntchito ophunzira, olephera anali 21.8. Pa ana 100 alionse, 12 amene akanabwezedwa ankapitirira. Tikaganiza kuti mmodzi mwa 12 amenewo ndi mwana wa mayi wamasiye wa ku Nabvutika, nkhaniyi imasiya kukhala ya akatswiri okha.

Vuto limabwera pamene wina afuna kudziwa kuti aphunzitsi a pa yunivesite yakutiyakuti ali mbali iti. Munthu angafunse ophunzira, angatumize wina kukakhala kumbuyo kwa kalasi, kapena angafunse mwini wake. Njira yotsika mtengo ndi yachitatuyi. Fomu imodzi ikhoza kufikira aphunzitsi mazana m'sabata imodzi, popanda kulipira galimoto kapena munthu woyendera. N'chifukwa chake mafomu odzifotokoza okha achuluka.

Yotchuka kwambiri inachokera kwa Carl Wieman, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi Eric Cornell ndi Wolfgang Ketterle. Atalandira ulemu umenewo, Wieman anaika mphamvu zake pa funso loti n'chifukwa chiyani ophunzira amakhoza mayeso a fizikisi koma osaimvetsa fizikisiyo. Anakayambitsa ntchito yokonzanso kaphunzitsidwe ka sayansi ku University of British Columbia, mu mzinda wa Vancouver ku Canada. Mu 2014, iye ndi Sarah Gilbert anatulutsa fomu yotchedwa Teaching Practices Inventory, ya mafunso 72, imene mphunzitsi amadzaza m'mphindi zosapitirira 15.

Nzeru ya fomuyi ili pa mtundu wa mafunso ake. Siifunsa kuti, "Kodi ndinu mphunzitsi wabwino?" kapena, "Kodi mumawaganizira ophunzira anu?" Palibe angayankhe kuti ayi pa mafunso otere. Imafunsa zinthu zoti munthu angawerenge kapena kuloza. Kodi mumawapatsa ophunzira mndandanda wa zomwe ayenera kutha kuchita akamaliza kosi? Ndi gawo lanji la ola limene mumalankhula nokha? Pa phunziro limodzi mumaima kangati kuti ophunzira akambirane? Kodi ntchito yakunyumba imabwerera kwa iwo ili ndi ndemanga, ndipo ali ndi mwayi wokonzanso? Kodi mumawayesa poyamba kuti mudziwe zimene akudziwa kale? Kodi munakhalapo m'kalasi ya mnzanu kuti muone mmene amachitira? Mphunzitsi aliyense woona mtima akawerenga mafunso amenewa amapezamo zinthu zingapo zimene sanaganizepo kuti n'zotheka, ndipo phindu loyamba la fomuyi ndi limenelo, ngakhale asaipereke kwa munthu.

Pali mafomu enanso. Ku Western Michigan University, Emily Walter, Charles Henderson, Andrea Beach ndi Cody Williams anatulutsa ina mu 2016, ya ziganizo 24, pomwe mphunzitsi amasonyeza ngati chiganizo chilichonse chikufanana ndi kaphunzitsidwe kake. Ina yakale, ya Keith Trigwell ndi Michael Prosser, imafunsa kwambiri za maganizo a mphunzitsi: kodi ntchito yake amaiona ngati kupereka chidziwitso, kapena kusintha kaganizidwe ka wophunzira? Onsewa amaima pa mwendo umodzi, woti munthu amadziwa zomwe amachita ndipo adzanena zoona.

Mwendo umenewo unayesedwa mu 2011, ndipo unagwedezeka. Diane Ebert-May wa ku Michigan State University ndi anzake anatsatira aphunzitsi a bayoloje a m'mayunivesite amene anali atachita maphunziro apadera a kaphunzitsidwe katsopano. Atawafunsa pa fomu, 89 pa 100 alionse ananena kuti asintha, tsopano ophunzira awo amatenga mbali m'kalasi. Kenako ofufuzawo anaonera mavidiyo a makalasi enieni a aphunzitsiwo ndi kuwayeza ndi chida china choyezera. Anapeza kuti 75 pa 100 alionse ankaphunzitsabe mwa kale, mphunzitsi kutsogolo akulankhula, ophunzira akulemba.

Anthu amenewa sanali abodza. Anadzipereka okha kupita ku maphunzirowo, ankafuna kusintha, ndipo mumtima mwawo ankakhulupirira kuti asintha. Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi amadziwa mmene nthawi imanamizira munthu wolankhula. Mphindi zitatu zimene wasiya ophunzira kuti akambirane zimaoneka zazitali, chifukwa iwe uli chete, phokoso lakwera, ndipo silabasi ikukudikira. Mphindi makumi anayi zimene walankhula zimauluka, chifukwa ukunena zomwe umazikonda. Madzulo ukakhala pansi ndi fomu, chimene umakumbukira ndi mphindi zitatu zija, popeza ndi zimene zinali zachilendo.

Ndiye palinso nkhani ya mafunso. M'makalasi athu ambiri mphunzitsi akafotokoza kanthu amatembenuka n'kufunsa kuti, "Tili limodzi?" Kalasi yonse imayankha pamodzi kuti, "Inde." Amapitiriza. Pakapita kanthawi amafunsa, "Pali funso?" Kuli zii. Mwana woleredwa bwino wa kuno sangaimike mkono pakati pa anthu mazana kuuza pulofesa kuti sanamve. Amaona ngati kuchita zimenezo ndi kunyoza wamkulu kapena kudzichotsa ulemu. Mphunzitsi uyu akapeza pa fomu funso loti amafunsa ophunzira kangati pa ola, adzalemba kuti kakhumi, ndipo sadzakhala atanama. Koma palibe funso ngakhale limodzi limene linachititsa mwana kuganiza. Fomu imalandira mafunso onse mofanana, pomwe m'mutu mwa wophunzira "Tili limodzi?" ndi wosiyana kwambiri ndi funso loti, "Nditadula waya uwu, babu iti izima, ndipo chifukwa chiyani? Uzani mnzanu wapafupi."

Funso lachiwirili ndi la mtundu umene Eric Mazur anayamba kugwiritsa ntchito ku Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amapereka funso lofuna kumvetsa, aliyense amasankha yankho payekha, kenako amatembenukira kwa mnzake kuti amukope, n'kusankhanso kachiwiri. Mtima wa njirayi ndi kukangana kwa awiriwo. Henderson yemwe uja ndi Melissa Dancy atafunsa aphunzitsi a fizikisi 722 ku America, anapeza kuti ambiri anamvapo za njira zoterezi ndipo pafupifupi theka ananena kuti amagwiritsa ntchito ina mwa izo. Atafunsitsa, zinaoneka kuti ambiri onena kuti amatsata njira ya Mazur anali atasiya zigawo zake zofunika. Dzina anali nalo, koma njira yeniyeniyo inali itasinthidwa. Izi zimachitikanso kuno. Mphunzitsi akabwerako ku wekishopu ku Lusaka amabwera ndi mawu atsopano, ndipo fomu yofunsa ndi mawu omwewo idzapeza kuti aliyense wasintha.

Komabe sindikugwirizana ndi amene amati mafomuwa angotayidwa. Ku University of Maine, Michelle Smith ndi anzake anachita chinthu chosangalatsa chimene anafalitsa mu 2014. Anaitana aphunzitsi a ku sekondale kuti akakhale m'makalasi a sayansi a pa yunivesite ndi kulemba zomwe akuona. Anaonera makosi 51 m'madipatimenti 13. Atayerekeza zimene alendowa anaona ndi zimene eni makalasi analemba pa fomu ya Wieman ndi Gilbert, zinagwirizana kwambiri. Amene analemba kuti amalankhula nthawi yaitali ankalankhuladi nthawi yaitali. Kusiyana kwake ndi nkhani ya Ebert-May n'koonekeratu. Funso likakhala la chinthu chowerengeka, ndipo woyankha alibe amene akufuna kumusangalatsa, munthu amayandikira choona. Likakhala la maganizo, ndipo wofunsa ndi yemweyo amene anakuphunzitsa njira yatsopano, yankho limapendekeka.

Chida chimene aphunzitsi a sekondale aja ananyamula chimatchedwa COPUS, ndipo chinatuluka mu 2013 kuchokera kwa Smith, Francis Jones, Gilbert ndi Wieman. Ndi pepala lokhala ndi timabokosi. Woonera amakhala kumbuyo ndi wotchi, ndipo mphindi ziwiri zilizonse amachonga zomwe mphunzitsi akuchita ndi zomwe ophunzira akuchita: akulankhula, akulemba pa bolodi, akuyendayenda pakati pa magulu, akufunsa funso lofunadi yankho, ophunzira akumvetsera, akuganiza payekha, akukambirana, akufunsa, akungodikira. Zizindikiro zonse ndi 25. Eni ake anasonyeza kuti munthu akhoza kuphunzira kuchigwiritsa ntchito m'ola limodzi ndi theka. Woonera salemba kuti phunziro linali labwino kapena loipa. Amalemba zimene zinachitika basi.

Mu 2018 magazini ya Science inafalitsa zotsatira za kuonera kwakukulu kochitidwa ndi chida chimenechi, motsogozedwa ndi Marilyne Stains. Anaonera makalasi oposa 2,000 a aphunzitsi 548 m'masukulu 25 a ku America ndi Canada. M'makalasi 55 pa 100 alionse mphunzitsi ankalankhula pafupifupi nthawi yonse. M'makalasi 27 ankalankhula koma akusakaniza mafunso ndi zochita pang'ono. Makalasi 18 okha ndi amene ophunzira ankagwira ntchito yaikulu. Awa ndi mayiko okhala ndi malabotale odzaza ndi magetsi osazima. Anapezanso zinthu ziwiri zoti tizisunge. Choyamba, kalasi yaing'ono siisintha mphunzitsi payokha. Ambiri okhala ndi ophunzira ochepa ankalankhulabe okha. Chachiwiri, kuonera kamodzi sikukwanira, chifukwa munthu mmodzi amasinthasintha. Pamafunika maulendo osachepera anayi kuti chithunzi chikhale chodalirika.

Wina anganene kuti bwanji osangofunsa ophunzira, popeza ndiwo akudya chakudyacho. Mayunivesite ambiri amachita zimenezi pamapeto a kosi, ndipo ophunzira amadziwadi zinthu zofunika: ngati mphunzitsi amabwera, ngati amabweza mapepala, ngati amanyoza. Koma pa funso loti aphunzira zochuluka bwanji, nawonso amanamizika. Mu 2019 Louis Deslauriers ndi anzake ku Harvard anagawa ophunzira a fizikisi m'magulu awiri, phunziro lomwelo, ena ndi mphunzitsi waluso wongofotokoza, ena ndi zochita m'kalasi. Amene anagwiritsidwa ntchito anakhoza bwino pa mayeso, koma ananena kuti akuona ngati aphunzira zochepa. Kuvutika kuganiza anakutenga ngati chizindikiro choti sakumva. Mphunzitsi wofotokoza mosalala, wopereka manotsi okonzeka ndi kulozera zimene zidzabwere pa mayeso, adzakondedwa nthawi zonse kuposa wofunsa mafunso ovuta.

Tsopano tiitenge fomu ya ku Vancouver ija tiike pa tebulo la mphunzitsi wa kuno. Mbali zina zimakwana bwino. Zina zimafunsa za dziko lina. Imafunsa za tizipangizo tamagetsi timene wophunzira aliyense amadina posankha yankho. Imafunsa za maphunziro amene othandizira mphunzitsi amalandira. Imafunsa za zinthu zoikidwa pa intaneti, pomwe mwana wa kuno amawerengera mabandulo ake mosamala, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mphunzitsi amene amagwiritsa ntchito makadi a A, B, C ndi D odula pa katoni, kapena kuuza ophunzira kuti aimike zala pachifuwa kuti anzawo asaone, akuchita chinthu chomwecho chimene tizipangizo tija timachita. 

Ndipo pali zinthu zathu zimene fomuyo siifunsa n'komwe. Pa chaka chonse, ndi mapulakitiko angati amene wophunzira anagwira ndi manja ake, ndipo ndi angati amene anangojambulidwa pa bolodi chifukwa mankhwala kulibe? Pa benchi imodzi ya mu labu pamakhala anthu angati pa maikulosikopu imodzi? Ophunzira akamakambirana pagulu, amaloledwa kulankhula Chinyanja, Chibemba kapena Chitumbuka kuti amvetsetsane asanayankhe m'Chingerezi? Atsikana amalankhula kangati poyerekeza ndi anyamata? Zitsanzo za m'kalasi zimachokera kuti: ku thonje, fodya, nsawawa ndi soya wa ku Msekera ndi Lundazi, kapena ku mabuku olembedwa ku mayiko ozizira? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene angauze kholo la ku Nabvutika ngati mwana wake akuphunzira sayansi kapena akuloweza mawu a sayansi.

Choopsa chachikulu ndi kumangirira fomu yotere ku malipiro kapena kukwezedwa pa ntchito. Wieman mwiniwake analimbikitsapo kuti fomu yake igwiritsidwe ntchito poyeza aphunzitsi, ponena kuti ndi yabwino kuposa kudalira maganizo a ophunzira okha. Pamenepa ndikuona kuti tiyenera kusamala. Mlimi wa ku Chadiza akapita kukagulitsa nsawawa, palibe wogula amalemba kulemera kwa thumba pongomva pakamwa pake, ndipo naye mlimi salola sikelo imene wogula akuiwerenga yekha atatembenuza nkhope yake kumbali. Onse awiri amafuna kuona muvi. Fomu imene yankho lake limabweretsa ndalama imaphunzitsa anthu kuyankha, osati kuphunzitsa. Bungwe la Higher Education Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 kuti lizilembetsa masukulu apamwamba ndi kuvomereza maphunziro awo, likhoza kuona digiri ya mphunzitsi, mabuku a mu laibulale ndi zipangizo za mu labu. Zonsezo n'zofunika. Koma zochitika m'mphindi 50 za phunziro sizioneka pa zikalata, ndipo zikadzafunsidwa pa fomu yokhudza chilolezo cha sukulu, mayankho onse adzakhala okoma.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'choti Zambia ili kale ndi mwambo woti aphunzitsi azionerana, kungoti uli ku pulayimale ndi ku sekondale. Mu 2005 unduna wa maphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, unayambitsa Lesson Study m'chigawo cha Central, poyambira pa aphunzitsi a sayansi. Mu 2008 inafalikira ku Copperbelt ndi North-Western, ndipo kuyambira 2011 inayamba kufika zigawo zonse, kuphatikizapo kuno kum'mawa. Kachitidwe kake n'kosavuta. Aphunzitsi a phunziro limodzi amasankha mutu umene ana amavutika nawo. Amakonza phunziro pamodzi. Mmodzi amakaphunzitsa, anzake ataima m'mbali akuyang'ana ana, osati mnzawo yekha. Akatuluka amakambirana zomwe aona, amakonzanso phunzirolo, n'kukaliphunzitsanso m'kalasi ina. Zimenezi zinalowetsedwa m'dongosolo la SPRINT limene masukulu anali nalo kale lophunzitsana pa sukulu pomwepo, ndipo National Science Centre ya ku Lusaka yakhala ikutsogolera ntchitoyi. Kuyambira 2016 anayesanso kuilowetsa m'makoleji ena a uphunzitsi.

Si paliponse pamene Lesson Study imachitika mwamphamvu. Pena imasanduka msonkhano wongolemba mayina kuti lipoti lipite ku ofesi. Koma mfundo yake inazika mizu: mphunzitsi wa sekondale ku Chipata sadabwa mnzake akalowa m'kalasi mwake ndi kope. Ku yunivesite zinthu n'zosiyana, kuno ndi kunja komwe. Munthu amalembedwa ntchito chifukwa cha digiri yake ya kemisitiri kapena fizikisi, nthawi zambiri asanaphunzirepo za kaphunzitsidwe, ndipo amakwezedwa makamaka chifukwa cha kafukufuku amene wafalitsa. Akatseka chitseko cha kalasi, zam'katimo ndi zake. Akhoza kuphunzitsa zaka 30 popanda mnzake kumuonerapo.

Chipata ili pabwino kuyesa zimene anachita ku Maine. Tili ndi Chipata College of Education, tili ndi nthambi ya DMI-St. Eugene University, tili ndi sukulu ya anamwino pa chipatala chachikulu, ndipo m'malo onsewa mumaphunzitsidwa sayansi ya mtundu wina. Pafupi pomwepo pali Chizongwe, St. Monica's, Anoya Zulu, Hillside ndi Chipata Day, kumene kuli aphunzitsi a sayansi odziwa kale kukhala m'mbali mwa kalasi ndi kuyang'ana. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Mphunzitsi wa pa koleji akhoza kudzaza fomu yekha kumayambiriro kwa teremu, n'kuisunga m'kabati mwake. Anzake awiri a ku sekondale akhoza kubwera maulendo anayi ndi pepala la timabokosi ndi wotchi ya pa foni. Kenako atatuwo akhale pansi, aike mapepala awiriwo pamodzi. Pamene mwini analemba kuti amalankhula theka la ola koma timabokosi tikusonyeza mphindi 44 mwa 50, m'pamene pali poyambira kukambirana.

Ulemu wathu sungatchinge njira imeneyi, ndipo apa m'pamene chida chosaweruza chimathandiza. Mphunzitsi wachinyamata wa ku sekondale sangauze dokotala wa maphunziro, mwina amene anamuphunzitsa iye yemweyo, kuti, "Bambo, phunziro lanu silinayende bwino." Pakamwa sipangatseguke. Koma akhoza kupereka pepala ndi manja awiri n'kunena kuti, "Bambo, zimene ndaona ndi izi." Wamkuluyo awerenge yekha. Mapepalawo asapite kwa mkulu wa koleji ali ndi mayina. Ngati utsogoleri ukufuna kudziwa, ulandire chithunzi cha dipatimenti yonse, monga kuti mwa maphunziro 40 amene anaoneredwa, ndi angati mmene ophunzira anakambirana kupitirira mphindi zisanu. Nawo aphunzitsi a sekondale amapindula, chifukwa amaona ndi maso awo chimene chikudikira ana amene akuwakonzekeretsa.

Nkhaniyi imabwereranso ku komboni kudzera pa khomo lina. Mu 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu aboma mpaka ku sekondale, makalasi anadzaza, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Mu 2025 silabasi yatsopano inayamba kugwira ntchito, yofuna kuti mwana azisonyeza zimene angathe kuchita, osati zimene waloweza. Amene akuyembekezeka kuiphunzitsa ndi anyamata ndi atsikana otuluka ku Mukuba, ku Kwame Nkrumah, ku Chalimbana, ku UNZA ndi ku koleji ya pano pa Chipata. Munthu amaphunzitsa mmene anaphunzitsidwira. Ngati anamva za kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito ophunzira kudzera m'manotsi olembetsedwa kwa maola awiri iye ali chete, akafika pa sukulu imene ana a ku Nabvutika amapita, ndi ana 90 patsogolo pake, adzatenga choko n'kuyamba kulembetsa manotsi. Naye akadzapatsidwa fomu adzachonga kuti ana ake amatenga mbali, pogwiritsa ntchito mawu amene anakhoza nawo mayeso ku koleji.

Kumasulira fomu ya mafunso 72 kuti igwirizane ndi makalasi a kuno ndi ntchito ya aphunzitsi ochepa okhala pansi masiku angapo: kuchotsa zosakhudza ife, kuwonjezera za labu, za chilankhulo ndi za kukula kwa kalasi, n'kuyesa mafunsowo pa anzawo kuti aone ngati onse akuwamva mofanana. Funso la "mumafunsa kangati" liyenera kugawidwa pawiri, kuti "Tili limodzi?" akhale pake, ndipo funso limene mphunzitsi anadikira yankho lake masekondi khumi kapena kuposerapo likhale pakenso. Zida zonse ziwiri, fomu ndi pepala loonera, zinafalitsidwa poyera m'magazini ya CBE-Life Sciences Education, imene aliyense angawerenge pa intaneti popanda kulipira. Dipatimenti ya sayansi ya pa koleji iliyonse ku Chipata ikhoza kuzitsitsa sabata ino, n'kugwirizana ndi sukulu ya sekondale yoyandikana nayo za masiku anayi a teremu ikubwerayi.